Hatchi imene ndinainenepetsa ndi manja anga

Ndinakulira ku Dedza, kumene mbuzi yonona ndi ulemu wa mwini wake. Ng'ombe ikamadutsa nthiti zili pamtunda, anthu amafunsana kuti kodi m'busa wake ndi mwana wa yani. Maganizo amenewa ndinapita nawo ku Joni, ndipo anatsala pang'ono kupha hatchi imene ndinkaisamalira. Ndikulemba chifukwa anyamata ambiri akumudzi akulowa ntchito m'makola a mahatchi cha ku Kyalami, ku Midrand ndi kwina, ndipo pafupifupi tonse timayamba tikungodziwa mbuzi, ng'ombe ndi nkhumba.

Ntchito ndinaipeza pa puloti ina pafupi ndi Kyalami. Panali mahatchi 6. Imene ndikunenayi inali yaikazi, yofiirira, ya mtundu wa Boerperd, ya zaka 14. Mwana wamkazi wa madamu ankaikwera pafupifupi tsiku lililonse, koma mu Febuluwale anapita ku yunivesite. Hatchi inasiya kugwira ntchito, chakudya ayi. Palibe anandiuza kuti ndichepetse, nanenso sindinafunse. M'mawa ndi madzulo inkalandira sikupu yake ya ma pellets (timibulu ta chakudya cha kufakitale) osakaniza ndi molasses (manyuchi a nzimbe), msipu wouma wa lucerne pang'ono, ndi udzu wouma wosatha mu ukonde. Inkati ikandiona imalira motsitsa mawu n'kumagogoda chitseko ndi mwendo, ine mtima n'kusungunuka, n'kuwonjezera theka la sikupu. Ndinkaona ngati ndikuitonthoza poti mwini wake wachoka.

Pofika mwezi wa Juni msana wake unali ndi ngalande pakati, moti madzi akanatha kuima pamenepo. Khosi linatupa pamwamba pomera manyenje, linalimba ngati linunda la ng'ombe. Pamwamba pa mchira panali mafuta ofewa. Ndikakanikiza m'mbali, nthiti sindinkazimva ngakhale imodzi. Ine ndinkanyadira. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira achimwene kumudzi kuti aone mmene ndimadziwira ntchito.

Panali chizindikiro china chimene ndinkachiona tsiku lililonse koma osachimvetsa. Ndowe za hatchi yathanzi zimakhala zibulunga zonyowa pang'ono, zimene zimasweka zikagwa pansi. Za iyeyu zinayamba kufewa ngati za ng'ombe, ndipo nthawi zina pambuyo pa ndowe pankatsika madzi akuda m'miyendo yakumbuyo. Ndinkangotsuka mchira ndi miyendo kuti madamu asaone uve. Tsopano ndimadziwa kuti wotola ndowe ndiye woyamba kuona matenda m'khola. Ukaona ndowe zasintha, zafewa, zauma kapena zachepa, nena tsiku lomwelo.

Mvula yoyamba inagwa mu Okutobala, udzu wa kikuyu n'kuphukira mwamphamvu m'paddock, mpanda umene mahatchi amadyeramo msipu. Hatchi imene miyezi yonse yachisanu inkadya udzu wouma ndinaitsegulira kuti idye msipu tsiku lonse. Kenako Loweruka lina mnzanga wa m'gadeni anatchetcha kapinga ndi makina. M'malo mokataya, ndinatenga wilibala yodzaza n'kukakhuthula m'paddock. Kwathu msipu sutayidwa. Mulu uja unali utayamba kale kutentha mkati. Hatchi inaudya mosapuma.

Cha m'ma 6 koloko madzulo ndinaika chakudya, koma inangonunkhiza n'kutembenuka. Hatchi iyi inali isanasiyepo chakudya chiyambire. Inayamba kupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, kucheukira pamimba pake, kugona, kudzuka, kugonanso. Mimba inali itafufuma mbali zonse ziwiri, thukuta lili chuchuchu m'khosi ngakhale kunja kunkazizira. Ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Madamu anali ku ukwati ku Pretoria. Nambala yawo ndinali nayo, ya dokotala wa ziweto inali yomata pakhoma la chipinda cha zakudya. Sindinaimbe. Ndinkaopa funso limodzi lokha, loti yadya chiyani. Ndinkaganiza za lendi, za fizi ya mlongo wanga, za ndalama zimene amayi amadikira kutha kwa mwezi. Ndinadziuza kuti ndi kudzimbidwa chabe, kutha yokha.

Pofika 9 koloko inali ikudzigwetsa pansi. Ndinakumbuka zimene tinkachita ndi mbuzi yofufuma, ndipo ndinatenga botolo la mafuta ophikira kuti ndiithire kukamwa. Mwamwayi madala ena a ku Mulanje, amene agwira ntchito ya mahatchi zaka zambiri pa puloti yoyandikana nafe, anamva phokoso n'kubwera ndi tochi. Anandilanda botolo lija. Anati, "Mphwanga, ukaithira mafuta amenewa akalowa m'mapapo, ndiye wapha. Chotsa chakudya chonse m'kholamu, ndipo foniyo uimbe ine ndili pompano." Ndinaimba manja akunjenjemera. Maola atatu ndi theka anali atapita pachabe.

Podikira dokotala, madala aja anandiphunzitsa zimene ndikanayenera kudziwa tsiku loyamba la ntchito. Anaika zala zanga pansi pa chibwano cha hatchi, pamene mtsempha umadutsa pa fupa, n'kundiuza kuti ndiwerenge kugunda kwa masekondi 15 kenako ndichulukitse kanayi. Hatchi yopuma bwino mtima wake umagunda pakati pa 28 ndi 44 pa mphindi. Ife tinapeza 56. Anatukula mlomo kuti tione nkhama: zimafunika zikhale zofiirira pang'ono ndiponso zonyowa, ndipo ukakanikiza ndi chala, mtundu ubwerere masekondi awiri asanakwane. Anandiuza ndiike khutu pamimba, kumbuyo kwa nthiti. Mimba ya hatchi yathanzi imalira nthawi zonse ngati mabingu akutali. Ya iyeyu inali zii, kupatula kaphokoso kamodzi apo ndi apo. Tinaiyendetsa pang'onopang'ono pabwalo kuti isadzivulaze pogubuduka m'khola. Madala anati kuyendetsa sikuchiritsa, ndipo usaithamangitse kapena kuitopetsa. Ikafuna kugona mwakachetechete, isiye igone.

Adokotala anafika 11 koloko isanakwane. Anaipima, anaibaya jakisoni wochepetsa ululu, anavala golovesi yofika paphewa n'kupima matumbo kudzera kumbuyo. Kenako analowetsa paipi yaitali m'mphuno mpaka m'chifu. Ndinagwira mutu wa hatchi ndipo ndinamva fungo lowawasa la mpweya likutuluka m'paipimo. Anandifotokozera kuti hatchi sisanza. Chimene chalowa chilibe njira yobwerera, ndipo chifu chikadzaza kwambiri ndi mpweya kapena madzi chimatha kung'ambika. Chifucho n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lonselo, malita 8 mpaka 15 basi. Udzu umakagayidwa kumatumbo akulu akumbuyo, kumene kuli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timazolowera chakudya chimodzimodzi. Ukasintha chakudya mwadzidzidzi, kapena shuga ndi sitachi zikafika kumeneko zochuluka, zimawira ngati mowa wamasese, tizilombo tabwino timafa, mpweya n'kudzaza. Kupweteka kwa m'mimba kotere ndi kumene timangoti colic m'makola muno.

Ndiye anafunsa funso lija. Poyamba ndinati yadya zamasiku onse. Anandiyang'ana n'kunena modekha kuti sanabwere kudzazenga mlandu, koma mankhwala ake adalira yankho langa. Ndinaulula zonse: kapinga, msipu wa tsiku lonse, theka la sikupu la miyezi 8, ndowe zofewa zimene ndinkabisa. Anati kapinga wotchetcha ndi makina ndi woopsa chifukwa ndi wodulidwa kale, hatchi imangomeza osatafuna, komanso amakhala atayamba kuwira pamulu. Anathira madzi ndi mankhwala kudzera m'paipi muja. Anaimbira madamu ine ndikumva, n'kuwauza kuti ululu ukabwerera jakisoni asanathe mphamvu, hatchi iyenera kupita ku chipatala cha ziweto cha Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, ndipo mwina pangafunike opaleshoni. Mtengo umene anatchula unaposa malipiro anga a chaka chathunthu.

Usiku umenewo ndinakhala pa ndowa pakhomo la khola, bulangete lili m'mapewa. Cha m'ma 3 koloko inatulutsa mpweya wautali, ndipo kutangoyamba kucha ndinamva ndowe zikugwa pa utuchi. Ndinalira. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu angalire chifukwa cha ndowe, koma ndi mmene zinalili.

Madamu atabwera ndinawauza ndekha adokotala asanatero. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali kapinga, koma maola amene ndinakhala chete. Anavomeranso kuti iwo sanasinthe chakudya mwana wawo atachoka. Ntchito sanandichotse.

Ndinkayesa zatha. Patapita masiku awiri ndinapeza hatchi itaima modabwitsa, miyendo yakutsogolo itatambasulira kutsogolo, thupi likutsamira kumbuyo ngati ikufuna kukhala pansi. Potembenuka inkaponda ngati pali minga. Ziboda zakutsogolo zinali zotentha, ndipo mtsempha wa kumbuyo kwa kakolo unkagunda mwamphamvu. Ulendo uno ndinaimba nthawi yomweyo. Anati ndi laminitis, kutupa kwa minofu imene imagwiriza fupa la phazi ku chiboda. Ikakula, fupalo limapendekeka m'kati mwa chiboda, ndipo mahatchi ena sachira. Tinaimika mapazi ake m'madzi a ayezi, tinaunjika utuchi wambiri kuti iponde pofewa, ndipo inatsekeredwa m'khola osatuluka. Anajambula X-ray, fupa linali lisanasunthe. Magazi atapimidwa pambuyo pake anaonetsa kuti insulin, imene imawongolera shuga m'magazi, inali yokwera. Adokotala anati mahatchi ena, makamaka a mitundu yopirira imene imanenepa ndi chakudya chochepa, matupi awo salimbana bwino ndi shuga, ndipo khosi lolimba lija ndinkalinyadira linali chenjezo la vuto lomwelo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa uku ndi kumene ndikufuna mukumvetse bwino, chifukwa kumaoneka ngati nzeru. Adokotala anati ichepe thupi, ndipo anasiya pepala la kadyetsedwe. Pepalalo linapita m'chikwama cha madamu, ine ndinangomva mawu akuti ichepe. Chifukwa cha manyazi ndi mantha ndinaganiza zofulumizitsa. Ndinkaipatsa kaukonde kamodzi m'mawa ndi kena madzulo. Inkamaliza mu ola limodzi, kenako maola ambiri osatafuna kanthu. Inayamba kutafuna matabwa a chitseko, kudya utuchi, ndipo itayamba kuloledwa kuima pa kabwalo kamchenga, inkanyambita pansi kufunafuna tizinyenyeswa. Inasanduka yaukali, ndikamaipukuta pamimba inkapinda makutu kumbuyo. Patatha masiku 12 colic inabweranso, yocheperako, koma adokotala anayenera kubwera.

Tsiku limenelo anakhala nane pansi pa belo la udzu n'kundifotokozera mwatsatanetsatane. Hatchi ikakhala kutchire imadya pang'onopang'ono maola pafupifupi 16 pa tsiku. Chifu chake chimatulutsa asidi usana ndi usiku, kaya yadya kaya sinadye, ndipo malovu amene amaziziritsa asidiyo amatuluka pokhapokha ikutafuna. Ukaisiya ndi njala nthawi yaitali, asidi amayamba kudya chifu, zilonda n'kuyamba. Ndiponso hatchi yonenepa ukaimana chakudya mwadzidzidzi, thupi limathira mafuta ambiri m'magazi mpaka chiwindi kulephera. Izi zimapha makamaka ma pony (mahatchi a mitundu ing'onoing'ono) ndi abulu, choncho amene muli ndi abulu a ngolo kumudzi mumve. Kenako anatenga zibulunga zingapo za ndowe zosakhudza pansi, anaziika m'golovesi yaitali, anathira madzi, anakhutchumula n'kupachika pa msomali. Patapita mphindi zochepa mchenga unadikha kunsonga za zala za golovesiyo, kusonyeza kuti hatchi inkameza mchenga ponyambita pansi paja. Anatipatsa psyllium, mankhusu a mbewu ina othandiza kutulutsa mchenga m'matumbo, wothira m'chakudya kwa sabata, ndipo anati udzu usadzaikidwenso pamchenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pepala lija ndikanangolipempha, ulendo wachiwiriwu sukanakhalapo.

Kuyambira pamenepo tinasiya kuyeza ndi maso. Tinagula tepi yoyezera kulemera kwa hatchi, imene umazunguliza pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Siinena zenizeni ngati sikelo, koma woyeza akakhala munthu yemweyo, malo omwewo, nthawi yomweyo, imakuuza ngati thupi likukwera kapena kutsika. Inawerenga makilogalamu 520. Adokotala anati iyenera kufika cha m'ma 450 kapena 460. Anandiphunzitsanso kupima mafuta ndi manja pa muyeso wa 1 mpaka 9, pamene 5 ndi pabwino: nthiti zosaonekera patali koma zomveka mosavuta ukasisita. Yathu inali pa 8.

Lamulo la udzu linali 1.5 peresenti ya kulemera kwa thupi pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 8. Kutsika kuposa apo, pokhapokha dokotala atanena. Ndinagula kasikelo kokolowekera, konga kamene timayezera zikwama tikamapita kumudzi, n'kukapachika pa mtanda wa denga. Tsiku loyamba ndinadabwa: kale, isanadwale, ndinkaipatsa udzu woposa makilogalamu 13, osawerengera msipu ndi ma pellets. M'masiku anjala aja inkalandira osakwana 4. Konseko ndinali kutali.

Ma pellets ndi molasses zinachoka. Lucerne anachoka. Tinatsala ndi udzu wa eragrostis wokhwima, wa mapesi, wopanda nkhungu kapena fumbi. Ndimayeza udzu uli wouma, ndimauika mu ukonde, n'kuuviika m'mgolo wa madzi ozizira kwa ola limodzi kuti shuga wina asungunuke. Madziwo amatuluka ofiirira ngati tiyi, ndipo ndimakawataya kutali ndi kumene mahatchi angamwe. M'nyengo yotentha osauviika nthawi yaitali kapena kuusunga wonyowa mpaka mawa, umasasa. Makilogalamu 8 aja ndinkawagawa kanayi: 6 koloko m'mawa, masana, 5 koloko madzulo, ndi gawo lalikulu 10 koloko usiku. Ndinkagwiritsa ntchito maukonde a timabowo ting'onoting'ono, awiri, wina m'kati mwa mnzake, kuti izizula pang'onopang'ono. Poti udzu woviika umataya zina zofunika m'thupi, inkalandira kakapu ka balancer, chakudya chochepa chokhala ndi mavitamini ndi michere, komanso mchere. Madzi ndinasiya kungodzaza, ndinayamba kuwerenga ndowa. Hatchi ya msinkhu umenewu imamwa malita 25 kapena kuposa pa tsiku, ndipo kukatentha imamwa kwambiri. Ikachepetsa kumwa, makamaka m'chisanu madzi akazizira, ndowe zimauma m'matumbo.

Pano ndinene za madeya, chifukwa ndikudziwa mmene timaganizira. Gaga ndi chimanga si chakudya cha hatchi yonenepa. Chimanga chankhungu chimawononga ubongo wa hatchi. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe nthawi zina chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene kwa hatchi ndi poizoni ngakhale atachepa. Thumba limene silinalembedwe kuti ndi la mahatchi lisalowe m'chipinda cha zakudya.

Mwezi woyamba unali wowawa. Hatchi inkagogoda chitseko ikaona anzake akulandira masikupu awo. Ndinaphunzira kuipatsa ukonde wake ndisanayambe kudyetsa enawo. Kudzuka kwa 10 koloko usiku kunanditopetsa. Choipa kwambiri, patatha masabata anayi tepi inangotsika pang'ono, ndipo mtima unayambanso kundiuza kuti ndichepetse udzu. Ndinapita kwa madala aja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Mafuta amenewa unawaika miyezi ingati?" Adokotala nawo anati theka la peresenti mpaka peresenti imodzi ya thupi pa sabata ndiye liwiro labwino, ndipo mahatchi ena amachedwa kuyamba.

Zinthu zinasintha pamene mapazi anachira. Wosema ziboda ankabwera masabata 5 aliwonse. Adokotala atavomera, osati tsiku limodzi m'mbuyo, ndinayamba kuiyendetsa pa chingwe mphindi 10 pamalo ofewa, kenako 20, kenako 30. Pofika Febuluwale tinali tikuyenda mofulumira mphindi 40, masiku 5 pa sabata. Apo tepi inayamba kutsika mooneka. Anabweranso wa mano kudzapala nsonga zakuthwa zimene zinkalepheretsa kutafuna bwino, ndipo ndowe tinazitumiza kukapimitsa mazira a nyongolotsi m'malo mongomwetsa mankhwala mwachizolowezi.

Msipu unabwerera mochedwa ndiponso pang'ono: mphindi 15 poyamba, itavala kadengu kakukamwa kokhala ndi bowo pansi, kamene timati grazing muzzle. Timaitulutsa m'bandakucha, chifukwa shuga mu udzu amachuluka dzuwa likawala tsiku lonse ndipo amatsika usiku. Koma m'chisanu cha ku Gauteng, usiku kukagwa chisanu choyera chija, shuga satsika, choncho m'mawa wotero siituluka ku msipu. Kadenguko sikakhala tsiku lonse, ndipo ndimayang'ana ngati sikakunyula khungu komanso ngati ikumwa madzi bwinobwino.

Mu Epulo ndinaphunzitsidwanso kanthu kena. Udzu unatha, galimoto inabweretsa wa ku famu ina, eragrostis yemweyo koma wobiriwirako. Ndinangosintha tsiku limodzi. M'mawa mwake madzi akuda aja anali m'miyendo. Sizinafike pa colic, koma zinatenga sabata kuti ndowe zibwerere. Tsopano mabelo akale akatsala pang'ono ndimawauza madamu msanga, kuti watsopano afike wakale asanathe, ndipo ndimasakaniza kwa masiku 10 mpaka 14, watsopano akuchuluka pang'onopang'ono.

Za ndalama, madamu anandionetsa mapepala onse, osati pofuna kundichititsa manyazi koma kuti ndidziwe. Maulendo a adokotala, X-ray, magazi, mankhwala ndi wosema ziboda, zonse pamodzi zinaposa malipiro anga a miyezi inayi. Sanandidule, koma bonasi ya chaka chimenecho sindinaione, ndipo ulendo wa Disembala wopita kumudzi ndinausiya ndekha, chifukwa panalibe wina woti n'kumusiyira maukonde anayi ndi sikelo. Amayi anadandaula pa foni, ndipo Khirisimasi ndinadyera m'khola. Mwana wa madamu atabwera kutchuthi sanathe kukwera hatchi yake. Anangoima pachitseko akuisisita pamphuno. Sanandinene chilichonse, ndipo kukhala chete kwakeko ndimakukumbukirabe.

Pakutha pa Meyi, miyezi 7 chichokereni usiku wa kapinga uja, tepi inawerenga 462. Ngalande ya pamsana inatha, khosi linafewa ngakhale silinaphwe lonse, ndipo insulin itapimidwanso inali itatsika. Vutoli silichoka kotheratu. Mvula yoyamba ikagwa chaka chilichonse ndimagwira ziboda zake m'mawa uliwonse ndisanachite china. Pachitseko pake pali pepala m'pulasitiki: kulemera kwa udzu, ndowa za madzi, milu ya ndowe ya usiku, ndi nambala ya adokotala m'zilembo zazikulu.

Mwezi watha kunabwera mnyamata watsopano wochokera ku Ntcheu. Tsiku lachiwiri ndinamupeza akuthira theka la sikupu m'ndowa ya hatchiyi. Anati, "Achimwene, imeneyi ikumvetsa chisoni, anzake onse akudya." Ndinamutenga dzanja n'kuliika m'mbali mwake kuti amve nthiti pansi pa khungu, kenako pakhosi pamene patsala mafuta olimba aja. Ndinamufotokozera za wilibala ya kapinga ndi botolo la mafuta, osabisa kalikonse. Tsopano ukonde wa masana amayeza ndi iyeyo, ndipo Lolemba lililonse timazunguliza tepi tili awiri.